Theka la Nkhulungo

Apongozi anga a Greyson, amuna a mwana wanga Ellina, ali ndi ngongole yanga ya theka la mwala. Si mbuzi, si nsalu ayi, theka la mwala. Wofuna kuseka aseke msanga, ine ndipitirize.

Ndine Nabanda, ndimaumba mbiya kuno ku Mpama. Mwala ndikunenawu ndi nkhulungo, uja timakulungizira mbiya isanapite pamoto kuti ituluke yosalala ndi yonyezimira. Woumba aliyense ali ndi yake, ambiri amangotola kumtsinje. Yanga inali ina. Yakuda bii, yowala ngati aipaka mafuta, kukula kwake ngati dzira la bakha, koma ukainyamula dzanja limatsika lokha. Mbali imodzi inali ndi kamng'alu, ndipo m'kamng'alumo munkatuluka kafumbi kachikasu konga kaja kamayoyoka pa ngayaye za chimanga. Anandisiyira ndi mayi anga. Ine ndinayenera kusiyira Ellina, iyenso n'kudzasiyira wake, basi. Nkhani ikanathera pomwepo pakanapanda mzungu ndi ulemu wa apongozi angawa.

A Greyson ndi munthu waulemu, pamenepo ndiwayamikire. Ena akapita kusukulu ya mishoni amabwerako akupatsa apongozi awo moni wa m'manja ngati anzawo a kumowa. Iwowa ayi. Tikakumana panjira amalowa m'tchire, ngakhale muli chitedze. Akafuna kundiuza kanthu amauza Ellina, Ellina n'kuuza ine, tonse atatu tili pabwalo limodzi. Zaka zisanu ndi chimodzi ali pakhomo panga, msana wawo ndikuudziwa bwino kuposa nkhope. Ali ndi chipsera paphewa lamanzere. Za mphuno musandifunse.

Malo tikukhalawa anawagula mzungu wa fodya ife tili pomwepo, ndipo a Greyson ndi kapitawo wake chifukwa amamva Chingerezi. M'chilimwe cha 1912 kunabwera mng'ono wake wa mzunguyo. Ameneyu za fodya analibe nazo ntchito. Ankangoyenda m'mapiri ndi kanyundo, kugogoda mwala uwu, kununkhiza uwo, mwina kunyambita kumene. Tinamutcha Chigogoda. Womuperekeza ndi kumumasulira anali a Greyson.

Tsiku lina anafika pakhomo panga ndi bokosi lojambulira lamiyendo itatu, akuti akufuna chithunzi cha mayi akuumba. Ndinamuuza kuti ajambule koma asandiimitse, dongo siliyembekeza munthu. Anajambula. Kenako maso ake anagwera pa nkhulungo. Anaitola, dzanja linatsika, nkhope inasintha. Anaiyang'ana ndi kagalasi, anaikanda kunsi kwa kapu yosweka imene ankayenda nayo m'thumba, n'kuyang'anitsitsa mzere wodera umene inasiya. Atafika pa kafumbi kachikasu kaja anakhala pansi pafumbi, mzungu wathunthu, n'kuyamba kulankhula mothamanga.

A Greyson anali ataima kuseri kwa nkhokwe monga mwa nthawi zonse.

"Amake Mathero," anaitana mkazi wawo, "auzeni amayi kuti Bwana akupempha mwalawo masiku atatu."

"Amayi, akuti Bwana..."

"Ndamva, sindine gonthi. Uwafunse abambo a Mathero ngati Bwana wawoyo akufuna kuyamba kuumba. Ndimuphunzitsa, koma ayambe ndi kuponda dongo."

"Akuti angouyeza, amayi," anatero Ellina.

"Auyezere pompano."

"Akuti zoyezera zili kunyumba."

"Asiye chikole. Bokosi lamiyendolo."

Kuseri kwa nkhokwe kunamveka kutsokomola. "Amake Mathero, auzeni amayi kuti chikole ndine. Ndidzaubweza ndi dzanja langali."

"Wathunthu?"

"Wathunthu."

Ellina ndi mboni, nkhokwe ndi mboni. Ndinapereka.

Masiku atatu anapita, ena atatu, mwezi unatha. Nkhani zinkangondipeza kudzera kwa Ellina. Akuti Chigogoda anatenga galasi lojambulira, analikulunga m'pepala lakuda kuti kuwala kusalowe, anaikapo kiyi, pamwamba pa kiyi n'kusanjika nkhulungo yanga, n'kutsekera m'kabati. Potsegula anapeza kiyi uja atajambulika pagalasi, popanda dzuwa, popanda bokosi. Akuti mwalawo uli ndi moto wosaoneka umene umabowola pepala. M'kati mwake muli chitsulo chotchedwa yureniyamu, ndipo m'kati mwa chimenecho muli kena kakang'onong'ono, rediyamu, kamene ku Ulaya akukalimbirana ngati mchere chifukwa akuti kamachiza matenda.

"Kamachiza?" ndinamufunsa Ellina. "Agogo ako anaugwira mwala umenewu moyo wawo wonse, ankagona nawo kumutu, anamwalira akutsokomola ngati mbuzi. Uwauze andibwezere, ndiumbire."

M'malo mwa mwala kunabwera mpanda. M'mawa wina ndikupita kumtapo, kudambo kumene timakumba dongo, ndinapeza zikhomo atakhoma mozungulira, chingwe atakunga, amuna khumi ndi awiri ali m'kati ndi makasu. Wamkulu wawo anali a Salimu a ku Milepa, munthu amene ndinamuumbira mitsuko yaukwati wake.

"A Salimu, mwayamba kuumba inunso?"

"Ayi, amayi. Tikufuna abale ake a mwala wanu uja. Akuti munautola muno."

"Anatero ndani?"

"Akapitawo."

Ndinabwerera kunyumba ndili ndi dengu lopanda kanthu, ndinamugwira Ellina pamkono. Zinayenda chonchi. Chigogoda anafunsa a Greyson kumene mwalawo unachokera. Kuchokera pakhomo pawo kufika pakhomo panga ndi mapazi makumi awiri. Koma mkamwini waulemu angayambe bwanji kufufuza apongozi ake za katundu wawo, ndiponso za mayi awo amene anatisiya kale? Kuyankha Bwana kuti sindikudziwa, ukapitawo umachepa. Choncho anafunsa mkazi wawo. Ellina naye, m'malo mobwera kwa ine, anangoti, "Amayi zoumbira zawo zonse amazitenga kumtapo." A Greyson anakazipereka m'Chingerezi chabwino. Chigogoda anadumpha ndi chimwemwe, chifukwa m'mabuku ake akuti madzi amasungunula chikasu chija kumapiri n'kukachisiya m'matope akuda momwe mwawolera mitengo ndi masamba. Dambo lathu ndi lakuda. Zonse zinagwirizana bwinobwino, kupatula kuti linali bodza.

Panali ndi china. Pepala limene mzungu wa fodya anagulira malo akuti limanena kuti mwala uliwonse wa pansi pa nthaka ino ndi wa mwini malo. Ndiye poti nkhulungo inatoledwa muno, si yanganso. Mayi anga anaigwira mpaka inasalala, ine ndaigwira mpaka tsitsi layera, koma pepala linaidziwa kale ife tisanaidziwe.

Mudzafunsa chifukwa chake sindinathamange tsiku lomwelo kukanena zoona. Choyamba, palibe anandifunsa. Chachiwiri, ndinaona zimene amuna aja ankatulutsa. Ife akazi ndi timakasu tathu timangokanda pamwamba, kufika m'chiuno basi, dongo lake lamchenga, lofuna kusankha ndi zala tsiku lonse. Iwo anapyola pamenepo. Pofika msinkhu wa munthu anapeza dongo lotuwa, lonona, lopanda kamwala ngakhale kamodzi, lija mayi anga ankati linatha. Dengu lililonse ankapita nalo kwa Chigogoda, amene anakhala pansi pa mtengo ndi kabotolo kokhala ndi timasamba tiwiri tagolide m'kati. Nkhulungo yanga akaiyandikitsa, timasambato tinkagwa n'kukumbatirana. Dongo akaliyandikitsa, tinkangoima njo, osagwedezeka. A Salimu ankati ndi ula wa mzungu. Ula ukakana, dongo ankalitaya kunja kwa chingwe ngati zinyalala.

Kunja kwa chingwe kulibe pepala. Ine ndi Ellina tinkatuta m'mawa ndi masana. Akazi anzanga ankati dongo logwiridwa ndi amuna, osadziwika kumene agona, mbiya zake zidzaphulika pamoto. Ndinaumba ziwiri zoyesera. Sizinaphulike. Ndinawauza kuti zaphulika, kuti mulu utsale wanga.

Koma dongo labwino popanda nkhulungo ndi ndiwo zopanda mchere. Ndinayesa mwala wa kumtsinje, unkakanda. Ndinayesa botolo, linkaterereka. A Latifa, amene amagula mbiya zanga kukagulitsa ku Boma, anapaka chala pa mtsuko n'kundiyang'ana.

"Nabanda, izi mwaumba ndinu kapena mwayamba kudwala maso?"

"Tengani kapena siyani."

"Nditenga, koma ndikanena kuti ndi za wina. Dzina lanu ndilisunge."

Mawu amenewo anandilasa kuposa chingwe chija. Ndinkati ndidikire dzenje lifike misinkhu iwiri, kenako ndikatenge mwala wanga. Ndiye m'mwezi wachitatu, mitambo itayamba kusonkhana pa phiri la Chiradzulu, Ellina anabwera akuthamanga. Akuti kunyumba kwa mzungu akukhoma kabokosi, mwala ukupita ku Blantyre mawa, kuchoka apo ku Ulaya, akauone akuluakulu kuti atumize makina okumbira.

Ndinasamba m'manja, ndinamanga nsalu, ulendo.

Chigogoda ndinamupeza pakhonde, ataonda, khosi litapsa ndi dzuwa, kabokosi kali patebulo. A Greyson atangondiona pageti anatembenuka n'kuyang'ana khoma. Ellina sanabwere nane, panalibe wodutsiramo mawu. Mzungu anawakalipira, ndinamva ndi kamvekedwe kake kuti akuti tembenuka. Anawagwira paphewa kuti awatembenuze. A Greyson anazungulira thupi lonse n'kukathera kuyang'ana mzati.

"Abambo a Mathero," ndinatero, "lero mulankhula ndi mzatiwo, ine ndimvera pomwepo. Muuzeni Bwana wanu ndabwera kudzatenga nkhulungo yanga."

Anauza mzati m'Chingerezi. Mzungu anayankha.

"Akuti pepani, amayi, koma mwala wotoledwa m'malo muno ndi wa mwini malo."

"Wotoledwa kwina?"

"Akuti wotoledwa kwina ndi wa amene anautola."

"Anene kawiri."

Ananena kawiri.

"Tsono mufunseni. Miyezi itatu wakumba, amuna khumi ndi awiri. Wapeza ingati yofanana nawo?"

Khosi la a Greyson linayamba thukuta. Mzungu anangokweza chala chimodzi n'kuchipindanso.

"Sadzaupeza. Mwala umenewo si wa kuno. Unabwera m'mtolo wa mayi anga."

A Greyson sanamasulire. Ndinaona chipsera cha paphewa chija chikukwera ndi kutsika.

"Masulirani, apongozi. Munamasulira za Ellina, masulirani zanga."

Anamasulira, mawu ali pansipansi ngati munthu wolapa. Chigogoda anaseka. Akuti aliyense wofuna katundu wake angapeke nkhani yotere. Akuti ngati ndi zoona, ndinene malowo anali otani.

Apa ndiye anandipeza pabwino, chifukwa mayi anga nkhani imeneyi ankaibwereza mpaka tinkathawa. Iwo anali Alomwe, anabadwira kutali kuseri kwa Mulanje, kudziko kumene tsopano kuli Apwitikizi. Kumudzi kwawo kunali kamtsinje kotsika paphiri. Miyala yake sinali ngati ya kuno. Inali yoyera ngati mchere, ina yofiirira ngati mnofu wa nkhuku, zibuma zikuluzikulu zolumikizana. Pakati pake pankatuluka ina yosendeka, timapepala timapepala, yaikulu ngati chikhatho, ana ankaisenda n'kumayang'anira dzuwa. Yakuda yolemerayi inkapezeka apo ndi apo m'munsi mwa miyala yoyerayo, madzi ataigubuduza. Dongo kunalibe n'komwe, ankakalitenga kwina.

A Greyson asanamalize kumasulira, kuseka kunali kutatha. Pa miyala yosendekayo mzungu anatseka maso. Anatsegula buku lake lina, anayang'ana, analitseka. Anayang'ana kumunsi kudambo, kumene a Salimu ankaimbitsa nyimbo yokumbira, n'kunena liwu limodzi lalifupi.

"Akuti chiyani?"

"Limenelo silimasulirika, amayi."

Kenako anadzuka, maso akuwalanso. Akuti ndimuuze njira ya kumtsinjeko. Dzina la phiri, dzina la mudzi, masiku oyenda.

"Mwala uyambe wafika m'dzanja langa."

Akuti ndiyambe ndanena.

"Ndinayamba ndine kupereka tsiku lija. Lero ayambe iyeyo."

Akuti andipatsa nsalu.

"Nsalu sikulungiza mbiya."

Akuti nsalu ziwiri ndi khasu.

Ndinatembenuka kuyamba kutsika masitepe. Ndisanafike lachitatu ndinamva misomali ikulira, akuzula chivundikiro cha kabokosi. Ndinabwerera n'kutambasula dzanja. Anafukula m'thonje n'kundiika chinthu pachikhatho.

Dzanja silinatsike ngati kale. Linali theka. Mbali imodzi yosalala, ija ya mayi anga, mbali inayo yoswedwa mwatsopano, yakuthwa ngati phale.

"Linalo lili kuti?"

A Greyson anauza mzati kuti linalo Bwana analiphwanya ndi kanyundo sabata yoyamba yomwe, analisinja, ufa wake anauphika m'mankhwala kuti adziwe zili m'kati. Madzi ake anasanduka achikasu, ndipo anakondwa kwambiri.

"Anakondwa."

"Eya, amayi."

"Inu munalipo?"

"Mtondo wake ndinagwira ndine, amayi."

Ndinamanga thekalo pa mfundo ya nsalu, kawiri. Mzungu anali atatenga kale pensulo. Ndinalonjeza kumuuza zonse zimene ndikudziwa, ndipo ine sindinama pamalonda. Ndinamuuza. Mayi anga anachoka kumeneko ali kamtsikana, akuthawa nkhondo. Anayenda mwezi unafa, wina unabadwa, unafanso. Dzuwa linkatuluka kumbuyo kwawo. Mudzi unatenthedwa, dzina lake linali la mwini mudzi, amene anaphedwa tsiku lomwelo. Phiri ankangolitcha phiri. Pamtsinjepo panali mkuyu.

Pensulo inaima. Akuti china?

"Mkuyuwo unali waukulu."

Akuti ndani wina angadziwe?

"Mayi anga. Ali kumanda uko, kuseri kwa nsungwi. Akawafunse yekha, koma asapite ndi a Salimu."

A Greyson zomalizazo sanamasulire, ndinadziwa chifukwa zinafupika.

Mvula yoyamba inagwa sabata yomweyo. Zikhomo anazula, chingwe a Salimu anapita nacho kukamangira mbuzi. Chigogoda anasonkhanitsa amtengatenga n'kulowera kum'mawa kukafuna phiri lokhala ndi mkuyu. Kuno sanadutsenso. Chithunzi changa chija sindinachione.

Thekalo ndinalinola pamphero mwezi wathunthu mpaka m'mphepete munafa. Likugwira ntchito, a Latifa ayambanso kutchula dzina langa ku Boma. Koma ndi laling'ono, limathawa m'zala, ndikakulungiza mitsuko itatu dzanja limachita dzanzi. Ndipo ndidzamusiyira chiyani Ellina? Mayi anga anandipatsa dzira, ine ndipereke chikhokhombe?

Nchifukwa chake dzana masana, nditaona msana wodziwika uja kuseri kwa nkhokwe ukusoka thumba, ndinaitana mwana wanga n'kumuimika pakati.

"Ellina, uwafunse abambo a Mathero. Anati chikole ndi iwo. Anati wathunthu. Theka langa lili pati?"

Ellina anatsegula pakamwa, koma sanapatsidwe mpata.

"Amayi."

Zaka zisanu ndi chimodzi, kanali koyamba kundiitana okha popanda mkazi wawo kapena mzati. Sanatembenuke, komabe.

"Amayi, dongo mukuumbira chaka chino anakumba ndani? Amuna khumi ndi awiri, miyezi itatu, inu osagwira khasu. Dzenje misinkhu iwiri, masitepe anakusemerani. Mulu uli kuseri kwa nyumba yanuwo mudzaumbira mpaka Mathero adzakwatire. Ndikanabwera kudzakufunsani bwinobwino tsiku lija, bwenzi mukukandabe mchenga ndi kakhasu kanu. Ndiponso inu munadziwa tsiku loyamba, munakhala chete mukututa."

"Ellina, uwauze kuti sindinafunse za dongo."

"Theka lanu lili m'dzenjemo, amayi. Lina sindibweza. Lero ayi, chaka chamawa ayi."

Ellina anayang'ana kunkhokwe, anayang'ana kwa ine.

"Amayi, akuti..."

"Ndamva."

Singano inayambanso kulowa ndi kutuluka m'thumba. Anandikaniza ngongole yanga masana dzuwa likuswa mtengo, msana uli kwa ine, mwaulemu wonse.